Mlandu wa Masekondi 28 ku San Antonio

Akuluakulu adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Anthu a mumzinda wa San Antonio, m'chigawo cha Texas ku America, mwambi umenewu saudziwa, koma tanthauzo lake adalimva bwino lomwe usiku wa pa 18 Juni 2013. Usiku umenewo timu yawo ya basiketibolo, San Antonio Spurs, idali itagwira kale chikho ndi dzanja limodzi. Padatsala masekondi 28 okha kuti masewero athe, iyo ikutsogola ndi mapointi asanu. Alonda a pabwalo la ku Miami adali atayamba kuzunguliza zingwe zachikasu m'mphepete mwa bwalo pokonzekera mwambo wopereka chikho. Ochemerera ena a timu ya Miami Heat, atataya mtima, adanyamuka nayamba kutuluka kunka kwawo. Koma chikhocho sichidapite ku San Antonio chaka chimenecho, ndipo kuyambira tsiku lomwelo pali mlandu umene ochemerera timuyi akhala akuuzenga m'makomo, m'malo omwera ndi pa wailesi, popanda wougamula. Mlanduwo ndi wakuti: kodi mphunzitsi wawo, a Gregg Popovich, adalakwa pomtulutsa Tim Duncan m'bwalo?

Popeza si owerenga onse amene adazolowera masewerowa, nkoyenera kuti malamulo ake ayambe afotokozedwa pang'ono. Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu. Mpira ukalowa m'dengu kuchokera pafupi, amawerenga mapointi awiri. Ukaponyedwa kuchokera kunja kwa mzere wokhota umene uli pa mtunda wa mamita 7.24, amawerenga atatu. M'ngodya za bwalo mzerewo umayandikira nukhala pa mamita 6.7, ndipo nchifukwa chake akatswiri oponya amakonda kukabisala kumeneko. Wosewera akakankhidwa kapena kugwidwa mosayenera amapatsidwa mipira ya chilango, imene amaponya popanda womtchinga, uliwonse pointi imodzi. Mpira ukaphonya umadunda pachitsulo cha dengu, ndipo amene wautola ndiye mwini wake. Ntchito imeneyi imafuna anthu aatali ndi a mapewa olimba. Masewero a m'bungwe la NBA amatenga mphindi 48 zogawidwa panayi, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wotulutsa wosewera ndi kumlowetsanso kangati konse, malinga mpira wayima. M'ndime yomaliza matimu awiri amatha kukumana mpaka kasanu ndi kawiri. Imene yayamba kupambana kanayi ndiyo imanyamula chikho.

A Popovich sadali mphunzitsi wamba. Adabadwa mu 1949, naphunzira pa sukulu ya asilikali a nkhondo ya m'mlengalenga a dziko la America, ndipo adayamba kuphunzitsa Spurs mu Disembala 1996. Chaka chotsatira timuyo idasankha Duncan, mnyamata wa pachilumba cha St Croix, amene poyamba adali wosambira ndipo adatembenukira ku basiketibolo mphepo ya mkuntho yotchedwa Hugo itaononga dziwe losambiramo la kwawo mu 1989. Anthu awiriwa adatenga chikho kanayi, mu 1999, 2003, 2005 ndi 2007, kotero kuti kufikira 2013 Spurs idali isadagonjepo m'ndime yomaliza. Mzinda wa San Antonio ulibe timu ina m'mabungwe akuluakulu a masewero a ku America. Spurs ndiye mwana mmodzi yekha wa pakhomo, ndipo ikapambana masewero aakulu anthu amatuluka ndi magalimoto usiku naliza mahutala mumsewu wa Commerce. Za khalidwe la mphunzitsiyo, chitsanzo chimodzi nchokwanira. Mu Novembala 2012 adatumiza kwawo Duncan, Tony Parker, Manu Ginobili ndi Danny Green kuti akapume, tsiku la masewero a ku Miami komweko amene ankaonetsedwa pa wailesi yakanema m'dziko lonse. Bungwe la NBA lidapsa mtima nililipitsa timuyo madola 250,000. Munthu wotere anthu ake adazolowera kumukhulupirira ngakhale pamene sakumumvetsa.

Timu ya Miami ndiyo idali ndi chikho cha 2012, ndipo m'chaka chimenechi idapambanapo masewero 27 motsatizana. Mphamvu yake idagona pa anthu atatu: Dwyane Wade, Chris Bosh, ndi LeBron James amene panthawiyo padalibe wofanana naye. James akathamanga kulunjika padengu, munthu mmodzi sankatha kumuimitsa. Nzeru ya a Popovich idali yakuti asamtsekereze pafupi ayi, koma womtchinga abwerere m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri, anzake adzaze malo a pansi pa dengu, ndipo James apatsidwe mpata woponya ali kutali ngati akufuna. Njira imeneyi idagwirapo ntchito mu 2007, pamene Spurs idagonjetsa Cleveland, timu ya James panthawiyo, kanayi motsatizana. Mu 2013 namonso idayamba bwino. M'masewero atatu oyamba James adangopeza mapointi 18, 17 ndi 15, ndipo ankaoneka ngati munthu wokayika, wogwira mpira nkumayang'ana uku ndi uku. Masewero achitatu Spurs idapambana 113 kwa 77. Pofika usiku wa pa 18 Juni, Spurs idali itapambana katatu, Miami kawiri.

Chigawo choyamba cha usikuwo chidali cha Duncan. Ali ndi zaka 37, bondo limodzi lili m'chomangira, adasewera ngati mnyamata: pofika nthawi yopumula adali ndi mapointi 25. Chakumapeto kwa gawo lachitatu Spurs idatsogola ndi mapointi 13, ndipo gawolo lidatha 75 kwa 65. Apa a Popovich adachita chimene ankachita masiku onse, adakhazika Duncan ndi Parker pabenchi kuti apumeko poyamba gawo lomaliza. Miami idapezerapo mpata. Mike Miller adamwetsa mpira wa mapointi atatu nsapato imodzi itamuvuka; James kansalu kamene ankamanga kumutu kadagwa, ndipo sadakatolenso, koma adayamba kugumula mpanda wa Spurs ngati ng'ombe yolusa. M'gawo limenelo lokha adapeza mapointi 16. Miami idadutsa nitsogola. Koma Parker, amene ankasewera mnofu wa kuseri kwa ntchafu ukumupweteka, adafananitsa zinthu 89 kwa 89 ndi mpira wa kutali, nawonjezanso awiri. James adataya mpira kawiri motsatizana. Ginobili adapatsidwa mipira inayi ya chilango, namwetsa itatu. Nthawi idaima pa masekondi 28.2, Spurs 94, Miami 89. Ndipo zingwe zija zidatuluka.

Zimene zidatsatira nzofunika kuzilondola pang'onopang'ono, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Mphunzitsi wa Miami, a Erik Spoelstra, adatulutsa Bosh nalowetsa Miller, kotero kuti m'bwalo mudali anthu asanu othamanga, ambiri a iwo odziwa kuponya ali kutali. A Popovich nawo adatulutsa Duncan, wa mamita 2.11, nalowetsa Boris Diaw, Mfalansa wa mamita 2.03. James adaponya mpira wa mapointi atatu umene udaphonya moipa, numenya thabwa la kuseri kwa dengu. Manja ambiri adaulimbirana, Kawhi Leonard adaukhudza, Wade adaupatutsa, ndipo udathera kwa Miller amene adaubwezera kwa James. Ulendo uno udalowa: 94 kwa 92, kutatsala masekondi 20. Duncan adalowanso. Leonard, mnyamata wa zaka 21, adagwidwa napatsidwa mipira iwiri ya chilango. Woyamba udaphonya, wachiwiri udalowa. Tsono idali 95 kwa 92, masekondi 19.4. Bosh adabwerera m'bwalo, koma Duncan adatulutsidwanso kachiwiri.

Bosh adadzaima ngati chipupa panjira ya Parker kuti James apeze mpata. Parker ndi Diaw onse awiri adathamangira kwa James, Bosh natsala wopanda womuyang'anira, natsetsereka kulunjika padengu. James adaponya, naphonyanso. Bosh adalumpha pamwamba pa Ginobili, amene adali atasiya munthu wake kuti akathandize kutola mpira, ndipo Ginobili adagwa pansi. Munthu amene adasiyidwayo adali Ray Allen, amene panthawiyo ndiye adali atamwetsa mipira ya mapointi atatu yochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya NBA. Allen adabwerera chafutambuyo kulowera m'ngodya ya kudzanja lamanja osayang'ana pansi, mapazi ake naima pakati penipeni pa mzere wa mapointi atatu ndi mzere wa malire, nalandira mpira kwa Bosh, naponya Parker akumulumphira kumaso. Udalowa kutatsala masekondi 5.2. Ochemerera amene adatuluka aja adamva phokoso ali kunja, nathamangira kuzitseko, koma adapeza zotseka. M'nthawi yowonjezera Miami idapambana 103 kwa 100.

M'mawa mwake mzinda wa San Antonio udadzuka wogawikana. Ambiri, makamaka achikulire amene adaona Duncan kuyambira ali mnyamata, mlandu adaugamula msanga. Iwo ankati usiku umenewo Duncan adatola mipira yophonya 17, kuposa wina aliyense m'bwalomo. Chimene Spurs inkasowa kuti itenge chikho sichidali chozizwitsa ayi, koma kutola mpira umodzi wokha; mpata udabwera kawiri, ndipo kawiri konseko katswiri wa ntchitoyo adali chikhalire pabenchi akupenya ndi maso. Ankafunsa kuti, kodi munthu amene wamanga nyumba kwa zaka 16, tsiku lofolera denga nkumuuza kuti akhale pamthunzi? Kwa anthu amenewa nkhani sidali ya machenjera a masewero okha. Idali ya ulemu. Duncan akadakhalamo mpira nkumudutsa, iwo akadapirira, chifukwa akadadziwa kuti agonja ndi mkondo wawo uli m'manja.

Oikira kumbuyo mphunzitsi adali ochepa tsiku loyambalo, koma mfundo zawo sizidali zopepuka. Iwo ankati munthu ayambe wafunsa chimene timu yotsogola ndi mapointi atatu imaopa. Mpira wa mapointi awiri sungaipweteke. Choopsa ndi wa atatu wokha. Tsono pofuna kutseka mzere wa kutali, otchinga asanu onse ayenera kukhala opepuka miyendo, kuti wina akatsekeredwa njira, mnzake atenge munthu wake pomwepo popanda kuchedwa. Kusinthana anthu kotereku sikutheka ngati mmodzi mwa asanuwo ndi nkhalamba ya bondo lopweteka. Duncan akadaima pansi pa dengu, munthu wake akadakhala mfulu kunja; akadatuluka kukamlondola kunja, ndiye kuti padengu sakadakhalapo, ndipo mpira wophonyawo sakadautola ndithu. Adaonjezanso kuti mpira woponyedwa kuchokera kutali ukaphonya umadundira kutali, kumene msinkhu suthandiza kwenikweni. Ndipo mfundo yawo yaikulu idali iyi: nzeruyo idagwira ntchito yake. Kawiri konse James adakakamizidwa kuponya movutika, ndipo kawiri konse adaphonya. Duncan mwini wake, atafunsidwa ndi atolankhani, sadadandaule. Adati zimenezo sizidali zachilendo, ndimo ankachitira chaka chonse pofuna kuteteza mzere wa mapointi atatu.

Pamenepa ndi pamene mkangano umafika pokoma, chifukwa otsutsa anzeru savutika ndi kutulutsa koyamba kuja. Amavomera kuti pa masekondi 28, Bosh ali panja, Duncan adalibe munthu womuyenera. Koma amati pa masekondi 19 zinthu zidali zitasintha. Bosh adali m'bwalo, wamtali chimodzimodzi ndi Duncan, ndipo ndiye munthu amene Duncan adakhala akulimbana naye usiku wonse namugonjetsa. Amene adatola mpira uja ndi Bosh yemweyo. Kunena chilungamo, mfundo imeneyi njovuta kuiyankha. Oikira kumbuyo amayesa ponena kuti Bosh naye ankadziwa kuponya ali kutali, ndipo akadamkokera Duncan kunja. Amatinso cholakwa chenicheni chidali cha Parker ndi Diaw, amene adathamangira munthu mmodzi m'malo mosinthana monga adaphunzitsidwira. Izi nzoona, ndipo chithunzi cha masewerowo chimawachitira umboni. Komabe mphunzitsi amene adaona mpira woyamba ukupulumuka m'manja mwa anyamata ake masekondi ochepa m'mbuyomo adali atachenjezedwa kale, ndipo adasankha kusasintha maganizo. Ena amatcha zimenezi kulimba mtima, ena amati ndi liuma, ndipo mwa a Popovich ziwirizi zidali zovuta kuzilekanitsa.

Chodabwitsa nchakuti dziko lonse la basiketibolo lidali litangotha kukangana za nkhani yofananayo. Pa 22 Meyi chaka chomwecho, pabwalo lomwelo, timu ya Indiana Pacers inkatsogola Miami ndi pointi imodzi kutatsala masekondi 2.2 m'nthawi yowonjezera. Mphunzitsi wake, a Frank Vogel, adakhazika pabenchi Roy Hibbert, chimphona cha mamita 2.18, poopa kuti sangathe kulondola Bosh kunja. James adalandira mpira, nadutsa Paul George, napeza padengu pali mbee, namwetsa mosavuta. Miami idapambana 103 kwa 102, ndipo a Vogel adadzudzulidwa koopsa. Otsutsa a ku San Antonio amati a Popovich adayenera kutengapo phunziro. Oikira kumbuyo amayankha kuti milandu iwiriyi njosiyana: Indiana inkatsogola ndi pointi imodzi, choncho dengu lidayenera kutetezedwa, pamene Spurs inkatsogola ndi atatu. Apa oikira kumbuyo ali ndi chilungamo, ngakhale kuti munthu wokwiya samvera masamu.

Padali enanso amene za Duncan sankazilabadira. Funso lawo lidali lakuti, bwanji osangomgwira dala wosewera wa Miami asadaponye? Wogwidwa akadapatsidwa mipira iwiri yokha ya chilango, mapointi awiri, ndipo Spurs ikadatsala patsogolo ndi imodzi mpira uli m'manja mwake. Njira imeneyi njofala ku Ulaya, ndipo mtolankhani wina atawafunsa a Popovich za iyo, adayankha mwachidule kuti limenelo ndi funso la ku Ulaya, iwo sachita zimenezo. Yankholo lidakwiyitsa ambiri, chifukwa timu yawo idadzala ndi ana a kunja: Parker ndi Diaw a ku France, Ginobili wa ku Argentina, Tiago Splitter wa ku Brazil. Koma nayonso njirayi ili ndi minga yake. Masekondi 19 ndi ambiri. Ukagwira munthu msanga, masewero amasanduka mpikisano wa mipira ya chilango, ndipo Spurs idali itangophonya iwiri m'masekondi khumi. Miami idali ndi Allen, mmodzi mwa anthu osaphonyaphonya pa mzere wa chilango m'mbiri yonse ya masewerowa. Nthawi yabwino yogwira munthu idali pamene Bosh adatola mpira, koma mpirawo sudakhale m'manja mwake ngakhale sekondi yathunthu.

Ndipo za mipira iwiri yophonyayo, anthu a ku San Antonio amazitchula motsitsa mawu. Ginobili akadamwetsa yonse iwiri, kapena Leonard, mpira wa Allen ukadangokhala chokongoletsa. Ginobili usiku umenewo adataya mpira kasanu ndi katatu. Parker adaponya mipira 23 namwetsa 6 yokha. Duncan yemwe, atafika pa mapointi 30 m'gawo lachitatu, sadapezenso ngakhale imodzi m'gawo lomaliza ndi m'nthawi yowonjezera. Koma kudzudzula Ginobili ku San Antonio kuli ngati kunyoza mbale wako pagulu, ndipo Leonard adali mwana amene adachita zazikulu usikuwo, ndi mapointi 22. Mphunzitsi ndiye adali ndi msana wokwanira kusenza zonse, ndipo mwina nchifukwa china chimene mlanduwu udagwera pa iwo okha.

Pali kanthu kena kamene ambiri adaiwala. Allen atamwetsa, oyimbira adaimitsa masewero kuti akaone pa kanema ngati phazi lake silidaponde mzere. A Popovich adakalipa kwambiri, chifukwa ankafuna kuti anyamata awo athamange ndi mpira Miami isadakonzeke. M'kati mwa chipwirikiti chimenecho Duncan adalowanso m'bwalo, chinthu chimene malamulo salola pa kuimitsa kwa mtundu umenewo, ndipo oyimbira sadazindikire. Parker adaphonya mpira womaliza, nkhaniyo nithera pomwepo. Akadamwetsa, mlandu ukadakhala wina, ndipo odandaula akadakhala a ku Miami.

Usiku womwewo a Popovich adachita chinthu chimene ngakhale owadzudzula amachitamanda. Timu idali itakonzeratu malo pa nyumba ina yodyeramo ku Miami kuti ikasangalalire chikho. Iwo sadalole kuti aliyense akadzitsekere m'chipinda chake. Adalamula kuti onse apite kukadya komweko, natsogola iwo eni, nalandira wosewera aliyense pakhomo. Patapita masiku awiri, pa 20 Juni, anyamatawo adalimbanadi mpaka kumapeto. Koma nzeru ija yompatsa James mpata kunja idawatembenukira. Iye adaleka kukayika, namwetsa mipira isanu ya mapointi atatu, napeza mapointi 37. Shane Battier adamwetsa isanu ndi umodzi. Kutatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi, Miami ikutsogola 90 kwa 88, Duncan adapezeka pansi pa dengu atatchingidwa ndi Battier, munthu wamfupi kwa iye. Mpira umene adaumwetsa kambirimbiri pa moyo wake udakana. Adaugunda kachiwiri, udakananso. Pobwerera kukatchinga, munthu amene sankaonetsa za mumtima mwake adawerama namenya pansi ndi chikhatho. James adamwetsanso wina ali patali, ndipo Miami idapambana 95 kwa 88.

Apa padabuka mkangano wachiwiri, wocheperapo koma wozama. Ena ankati a Popovich adayenera kusintha njira ataona kuti James wayamba kulasa, amtumizire anthu awiri kuti mpira uchoke m'manja mwake. Ena ankayankha kuti James ndi katswiri wopatsira anzake, ndipo kumtumizira awiri kukadamasula Allen, Miller ndi Battier. Polimbana ndi munthu wotere, mphunzitsi sasankha pakati pa chabwino ndi choipa, amangosankha bala limene angathe kupirira. A Popovich adasankha lawo pa masewero oyamba ndipo adakhala nalo mpaka omaliza.

Iwo eni nkhaniyi idawadya. Miyezi itatu itapita adauza mtolankhani wa nyuzipepala ya mumzindawo kuti sipadutsa tsiku osaganiza za masewero achisanu ndi chimodzi aja. Adasimbanso kuti mwana wawo wamkazi ndiye adawadzudzula, powakumbutsa kuti adapambana kale kanayi, ndipo anthu ena amagonja nthawi zonse; nanga iwo ndi yani kuti asagonjeko? Timu itasonkhana kukonzekera chaka chatsopano, chinthu choyamba chimene adachita ndi kuwaonetsa anyamatawo kanema wa kugonja kuja, cholakwa chilichonse pachokha, kuti chilonda chitsukidwe chisadapole ndi mafinya m'kati.

Mu Juni 2014 matimu awiri omwewo adakumananso m'ndime yomaliza. Ulendo uno Spurs idapambana kanayi, Miami kamodzi, ndipo m'masewero onse anayiwo kusiyana kudali mapointi 15 kapena kuposa. Mpira unkayenda kuchoka dzanja ili kunka dzanja lina mofulumira kotero kuti otchinga a Miami ankangothamangira mthunzi wake. Diaw, amene dzina lake linkatchulidwa mowawidwa mtima chaka chathunthu, adaikidwa pakati pa oyamba asanu kuyambira masewero achitatu, nakhala gwero la mipira yambiri yokoma. Leonard, wophonya mpira wa chilango uja, ndiye adalimbana ndi James nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Pa 15 Juni, pabwalo la kwawo, Spurs idatsiriza ntchito 104 kwa 87. Allen sadasewerenso mu NBA chitachitika chimenechi, ndipo James adabwerera ku Cleveland.

Munthu akadaganiza kuti chikho chachisanu chikadatseka mlandu, koma chidangoupatsa nthambi ina. Oikira kumbuyo amati popanda ululu wa 2013, timu yokalamba ija sikadapeza moto wa 2014, ndipo zikho zikadakhala zisanu chimodzimodzi. Otsutsa amapukusa mutu nati zimenezo nzodzitonthoza chabe. Zikho zidayenera kukhala zisanu ndi chimodzi, ndipo Duncan akadafanana ndi Michael Jordan, wosagonjapo m'ndime yomaliza. Pali chinthu chinanso chimene Spurs sidachitepo m'zaka zonse za ulemerero wake, ndicho kutenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mpata wake udali umenewo. Mlandu suola, ndipo uwu umafukulidwa chaka chilichonse mwezi wa Juni ukafika, mpira wa Allen ukayambanso kuonetsedwa pa wailesi yakanema.

A Popovich adasiya uphunzitsi mu Meyi 2025, atadwala matenda a sitiroko mu Novembala 2024, ali ndi masewero 1,390 opambana, ochuluka kuposa mphunzitsi wina aliyense m'mbiri ya NBA. Duncan adapuma mu 2016, koma mu 2019 adabwerera kudzakhala wothandizira wawo kwa chaka chimodzi. Pa 3 Malichi 2020, a Popovich atachokapo pa zifukwa za kunyumba, mpando udagwera Duncan pa masewero a ku Charlotte. Usiku umenewo iye ndiye adali woloza chala kuti uyu alowe, uyu atuluke. Spurs idayamba moipa, nitsalira m'mbuyo ndi mapointi 17, koma idapambana 104 kwa 103.